Chaka cha Mdima ndi Mavesi Asanu ndi Awiri

Azakhali anga, alongo awo a malemu bambo, anafika mu Lusaka mu August 2024 pa basi yochokera ku Katete. Nditakawachingamira ku Intercity ndinawapeza akutsika atagwira phewa la mnyamata wina amene sankamudziwa n'komwe, Baibulo lokulunga m'kansalu lili kukhwapa, dzanja linalo atanyamula nsomba zouma zimene anagula pa mlatho wa Luangwa kuti adzukulu adzalawe. Maso onse awiri anali atachita ng'ala. Ankangoona kuti uku kwawala, uku kwada, basi. Kumudzi kunalibe woti n'kuwasamalira akachitidwa opaleshoni, choncho banja linagwirizana kuti adzadikirire tsiku lawo kwathu ku Mtendere.

Chaka chimenecho simunachiiwale. Mvula inakana, chimanga chinapserera chili chiimire, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba atatsika, magetsi anayamba kubwera maola owerengeka, nthawi zambiri pakati pa usiku. Ine ndili ndi kasaluni. Dulaya ikapanda kuyaka, wofuna kuchapitsa tsitsi amabwerera pakhomo. Tinatsala ndi kuluka kokha, ndipo oluketsawo nawonso ndalama anali atazisungira ufa ndi malasha. M'mawa wonse ndinkangokhala.

Ndi m'mawa ngati umenewo pamene azakhali anati, "Naphiri, maso angawa andilanda buku langa. Tandibwerekani anuwo."

## Mmene ndinkawerengera

Baibulo si lachilendo kwa ine. Ndinakulira mu Reformed Church in Zambia, ndine wa Chigwirizano, ndipo pa foni panga pamalowa vesi tsiku lililonse tambala asanatsike. Yeremiya 29:11, Afilipi 4:13, Yesaya 54:17, amene aja mumawadziwa. Umawerenga, umalemba "Ameni", umatumiza kwa ena, kenako umakatenthetsa madzi osamba ana. Zimenezi sindikuzinyoza ayi. Alipo amayi amene amanyamuka 4 koloko kupita ku Soweto Market kukaoda tomato, ndipo vesi limodzi lomwelo ndi limene limawayendetsa mpaka dzuwa kulowa.

Koma kuwerenga kotereku kuli ndi malire ake. Umafika ndi vuto lako, umasankha vesi lolingana nalo, umanyamuka. Wofunsa ndiwe, wosankha yankho ndiwenso. Mawuwo sapeza mpata woti akufunse kanthu.

Tsiku loyamba ndinatsegula Marko 1 n'kuwerenga mutu wonse bwinobwino, mosaphonya. Nditatseka, azakhali anati, "Mwatha kale? Mukuthamangira basi iti, poti ku saluni kulibe magetsi?" Kenako anawonjeza: "Nyemba sizipsa ndi moto wa mapesi. Bwererani poyamba, muime pamene Yohane wamaliza kulankhula."

Kachitidwe kawo kanali kosavuta. Amayamba ndi pemphero lalifupi kwambiri, loti Mulungu atitsegule makutu. Ine ndiwerenge mokweza kandime kochepa, mavesi osapitirira khumi. Kenako tikhale chete, ndipo chete wakewo ndi weniweni, mpaka kumva wogulitsa masamba akudutsa kunjira. Ndiwerengenso. Iwo atchule mawu amene awakola, osawamasulira, kungowatchula. Ndiwerenge kachitatu. Pomaliza apemphere, koma pempherolo lituluke m'mawu amene tawerengawo. Masabata oyambirira ndinkachita zimenezi pofuna kuwasangalatsa, monga mwana achitira mkulu wodwala.

## Pa msewu wa ku Yeriko

Marko tinkayenda naye pang'onopang'ono, moti pofika mutu 10 kunali kutatentha kale, October uja wa fumbi. Tinali pakhonde la kuseri, iwo pamphasa atatambalala, ine pampando, ketulo ili pambaula. Ana anali atapita kusukulu. Nditaona kuti lero ndi mavesi 46 mpaka 52, nkhani ya Bartimeyu wakhungu, mumtima ndinati lero ndi tsiku la azakhali. Ndinali nditakonza kale pemphero la maso awo.

Ndinawerenga koyamba. Yesu akutuluka m'Yeriko ndi khamu lalikulu, wopemphapempha wakhala m'mbali mwa njira, akufuula, anthu akumukalipira kuti atonthole, iye akufuulitsa. Tinakhala chete. Ndinawerenga kachiwiri n'kudikira kuti anena mawu a kupenya.

Iwo anati, "Yesu anaima."

Anangotero. Patapita kanthawi anandifunsa kuti mutu wotsatira ukuyamba ndi chiyani. Ndinasuzumira n'kuwauza kuti ndi za kulowa m'Yerusalemu pa mwana wa bulu. Anagwedeza mutu. "Ndiye kuti anali pa ulendo wokafa. Chitunda chonse chija chikumudikira. Munthu amene ali ndi imfa yake m'mutu, n'kuimira wopempha wa pamsewu." Sanapitirize. Anati ndiwerenge kachitatu, koma mosathamanga.

Ndinafika pamene akuti, "Limba mtima, nyamuka, akuitana." Ndinafika potaya chofunda. Kenako vesi 51: "Ufuna kuti ndikuchitire chiyani?"

"Imani pomwepo," anatero azakhali.

Ndinaima.

"Mwafunsidwatu, Naphiri."

Ndinati, "Azakhali, wakhungu ndi Bartimeyu. Ndipo ngati pali wina pano woti ayankhe, ndinu."

"Ine langa ndinayankha kale, ndikudikira madokotala. Koma mawuwa atuluka pakamwa panu, ndipo khutu loyamba kuwamva ndi lanu. Yankhani."

Mayankho ndinali nawo ambiri, amene ndinkatchula usiku uliwonse: lendi, fizi ya mwana wamkulu, magetsi, ngongole ya kuchilimba. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe kundandalika, koma mawu anakana. Zinthu zonsezo zinali zoona, komabe ndinkadziwa kuti Yesu ataima pakhonde pomwepo, n'kundiyang'ana, si zimenezo zimene ndingamuuze. Azakhali sanandithandize ngakhale pang'ono. Anangokhala, maso awo oyerawo ataloza kumpanda. Madzi anawira m'ketulo mpaka chivundikiro kuyamba kugogoda, wonyamuka kukaphula panalibe.

## July 2021

Amuna anga anamwalira mu July 2021, pa nthawi imene COVID-19 inavuta kwambiri mu Lusaka, dziko likadali pa maliro a Kenneth Kaunda. Anadwala masiku ochepa. Kuchipatala sitinkaloledwa kulowa, chakudya tinkasiya pageti. Uthenga unabwera pa foni. Bokosi linatuluka lotseka, ndipo malamulo a nthawi imeneyo sankalola kulitsegula, choncho mwambo woona nkhope panalibe. Kumanda tinapita anthu ochepa, titavala mamasiki, titatalikirana. Panyumba sipanagone anthu monga mwa mwambo wathu. Amayi a Chigwirizano amene akanadzaza chipinda n'kuimba usiku wonse ankangoimba foni. Sindikuimba mlandu munthu. Aliyense ankaopa, ndipo mantha ake anali oyenera.

Patangopita sabata ndinatsegula saluni, chifukwa ana amafuna kudya. Anthu ankati ndine wolimba mtima. Kutchalitchi ankanditchula ngati chitsanzo. Ineyo ndinkapemphera tsiku ndi tsiku, ndipo m'mapemphero onsewo dzina la bambo a ana anga silinkatulukamo. Ndinkapempherera ana awo, nyumba imene anasiya asanamalize, koma za iwo eni ndinali nditatseka.

Pakhonde paja chimene chinatuluka pakamwa panga ndi ichi: "Ndikufuna kuwaona nkhope."

Azakhali anati, "Musauze ine. Ine ndine Naphiri mnzanu, palibe chimene ndingakuchitireni. Uzani amene wafunsayo."

Ndinanenanso, ulendo uno kwa Ambuye. Ndinadziwa kuti ndikupempha chinthu chimene sichingachitike pansi pano. Azakhali nawonso ankadziwa, koma sanandikonze, sanandipatse vesi lotonthoza, sananene kuti tidzaonana kumwamba. Ndipo ndinalira. Kunali kulira kwa pamaliro, kotchula dzina, kofunsa kuti mwandisiyira yani ana, kumene kumayenera kumveka zaka zitatu m'mbuyomo.

Nyumba za ku Mtendere mukuzidziwa mmene zinathithikanira. Amayi eni nyumba anatulukira pakona akuthamanga, manja ali ndi thovu la sopo. "Kwagwanji? Uthenga wachokera kuti?"

Azakhali anayankha modekha, "Musiyeni, mayi. Akulira amuna ake."

"A liti?"

"A 2021."

Amayi aja anaima kanthawi. Kenako anapukuta manja pachitenje, anavula masilipasi, n'kukhala pansi pafupi ndi ine monga amakhalira anthu pasiwa. Iwo ndi a Katolika. Mayi wina woyandikana nafe, wa Pentekosite, anabwera, anafunsa monong'ona, anauzidwa, nayenso anakhala pansi. Wina anayambitsa nyimbo ya maliro chapansipansi. Panalibe amene analalikira. Dzuwa litafika pamutu, amayi eni nyumba anapita kwawo n'kubwera ndi phala m'mbale, nandiuza kuti ofedwa saphika.

## Zinthu zakale zimene sindinkazidziwa

Madzulo a tsiku lina amayi eni nyumba aja anafunsa kuti kodi tinkachita chiyani kuti zifike pamenepo. Nditawafotokozera anati, "Zimenezotu n'zimene timachita m'kagulu kathu ka Akhristu a m'dera." Iwo amatsata masitepe asanu ndi awiri amene anakonzedwa ku Lumko, ku South Africa: kuitana Ambuye, kuwerenga, kutchula mawu okukhudza, kukhala chete, kugawana, kukambirana chochita, kupemphera. Anandiuzanso kuti ansembe awo amakutcha kuwerenga kotereku lectio divina.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kufufuza. Benedict wa ku Nursia, amene analemba malamulo a amonke m'zaka za m'ma 500, anaika maola a kuwerenga Malemba tsiku lililonse pambali pa maola a ntchito ya manja. M'zaka za m'ma 1100 mmonke wina wotchedwa Guigo anazilongosola m'magawo anayi: kuwerenga, kusinkhasinkha, kupemphera, ndi kupumula pamaso pa Mulungu. Azakhali mayina amenewa sanawamvepo. Iwo anaphunzira kwa agogo, amene anaphunzira kwa akulu a mpingo wa kumudzi. Mpingo wathu unayambira ku Magwero, kufupi ndi Chipata, mu 1899, ndipo Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922. Azakhali amati ali mwana, buku pamudzi linkakhala limodzi kapena awiri, odziwa kuwerenga n'kukhala ochepa. Wina amawerenga, ena onse n'kumamvetsera, ndipo chimene wamva umayenera kuchisunga chifukwa bukulo silipita nawe kumunda. Kusowa kwa mabuku n'kumene kunawaphunzitsa kuwerenga. Ife tili ndi Baibulo m'foni, m'zinenero zingapo, ndipo timadutsamo ndi chala.

China chimene chinandidabwitsa ndi cha manambala. Marko sanalembe mavesi. Mitu imene tikuidziwayi inagawidwa m'zaka za m'ma 1200, ntchito imene amati anaichita Stephen Langton wa ku Canterbury, ndipo manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Manambalawa ndi othandiza popeza malo. Koma Akhristu anakhala zaka zoposa 1,000 opanda vesi loti n'kulithothola palokha. Ankamva nkhani yonse, ndiponso ankaimva ndi makutu. Pa Machitidwe 8, Filipo anadziwa kuti mdindo wa ku Etiopia akuwerenga Yesaya chifukwa anamumva ali pagaleta. Ine ndaona kuti ndikawerenga mokweza sindingathe kulumpha mzere umene sukundisangalatsa. Maso amalumpha, pakamwa salumpha.

## Funso lomwelo, anthu ena

Pali chinthu chimene ndimaopa ndikamafotokoza nkhaniyi. Wina akhoza kumva ngati ndikunena kuti tsegula buku, khala chete, ndipo chilichonse chimene chabwera m'mutu ndi Mulungu walankhula. Mu Lusaka muno taona mabanja akupasuka ndi ndalama zikutha chifukwa cha mawu akuti "Ambuye andiuza". Munthu ukhoza kukhala chete n'kumangomva zofuna zako zomwe.

Azakhali zimenezi ankazidziwa. M'mawa wotsatira sanalole kuti tipite ku mutu 11. Anati tibwerere m'mbuyo, pa mavesi 35 mpaka 45, amene tinali titawerenga kale masiku apitawo. Pamenepo Yakobo ndi Yohane afika kwa Yesu, ndipo Iye awafunsa funso lomwe lija, loti akufuna awachitire chiyani. Iwo apempha mipando, wina kudzanja lamanja wina kulamanzere. Yesu awayankha kuti sadziwa chimene akupempha. Funso limodzi, m'mutu umodzi, kwa anthu amene anayenda naye zaka ndi kwa munthu amene anangomva mphekesera zake ali m'mbali mwa msewu. Ophunzirawo anakanizidwa, wopemphapemphayo analandira, nanyamuka kumutsata pa njira yomwe ija ya ku Yerusalemu.

"Mwaona?" anatero azakhali. "Amafunsa aliyense. Koma si kuti chilichonse chimene wayankha akupatsa. Amafunsa kuti zimene zili m'kati zituluke, aziike poyera, kenako azikonze."

Ndikanangotenga vesi 51 lokha n'kuliika pa WhatsApp, likanakhala lonjezo loti tchula chimene ukufuna ulandire. Ndimeyo ikawerengedwa ndi inzake imakana zimenezo. N'chifukwa chake ndimati kuwerenga mopemphera sikulowa m'malo mwa kuphunzira. Abusa athu amene amakhala zaka ku sukulu ya ubusa ya Justo Mwale akuphunzira chiyambi cha mabukuwa timawafuna, ndipo maphunziro a Baibulo a pakati pa sabata timawafunanso. Buku uziyenda nalo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osasankha zokoma zokha. Ndipo zimene wamva uli wekha uzikazinena kwa Akhristu anzako amene angathe kukuuza kuti apa wasochera.

Chimene ndinapempha sindinalandire. Nkhope ya amuna anga sindinaione, ngakhale kumaloto. Chimene chinasintha n'chakuti ndinasiya kubisira Mulungu chipinda chimodzi cha mtima wanga. Dzina lawo linabwerera m'mapemphero, ndipo litabwerera m'mapemphero linabwereranso patebulo. Mwana wanga wamng'ono, amene anali ndi zaka zinayi bambo ake akumwalira, anayamba kufunsa kuti ankaseka bwanji, ankakonda ndiwo zanji. Kale ankaopa kufunsa chifukwa ankaona nkhope yanga ikuuma.

## Masiku opanda kanthu

Musaganize kuti m'mawa uliwonse umakhala ngati uja. Ambiri amangodutsa. Umawerenga katatu, umakhala chete, maganizo n'kuthawira ku mtengo wa mafuta ophikira. Azakhali ndinawadandaulira zimenezi ndipo anati palibe vuto, wabwera ndipo wamva, mawa ubwerenso. Masiku ena mawu amakukola koma osakutonthoza. Salmo 88 limayamba ndi kufuula usana ndi usiku ndipo limathera mumdima, lopanda mzere woti zinthu zidzakhala bwino. Kale ndikanalidumpha. Pano ndimathokoza kuti lilimo, chifukwa ndi pemphero la munthu amene sananamize Mulungu, ndipo analisunga m'buku lopatulika kuti ifenso tizilipemphera.

Azakhali anachitidwa opaleshoni ya diso limodzi mu November. Madokotala anagwira ntchito yawo bwino, tinathokoza Mulungu, ndipo atangochira anaumirira kubwerera ku Katete kuti mvula isawapeze mutauni. Magetsi atayamba kukhalako ndithu, nthawi ya m'mawa ija inatha. Panopa ndimadzuka ana asanadzuke, ndimatenga buku lenileni la mapepala chifukwa foni imandikokera ku mauthenga, ndipo ndimawerenga motsitsa mawu koma momveka. Nthawi zina ndi mphindi khumi zokha.

## Ku Chigwirizano

Itakwana nthawi yanga yotsogolera Mawu ku Chigwirizano, ndinapempha amayi a mpando kuti m'malo molalikira tiyese njira ya azakhali. Anavomera monyinyirika. Ndinasankha Rute 1, kuyambira pamene Naomi akuuza apongozi ake kuti abwerere kwawo mpaka pofika ku Betelehemu.

Chete woyamba anali wovuta. Mipando inkalira, wina anatsokomola, wina anayamba kuyambitsa korasi poganiza kuti ndaiwala chonena. Titawerenga kachiwiri ndinapempha kuti aliyense angotchula mawu amene amukola. Ambiri anatchula a Rute, oti kumene mupite ndipita komweko, chifukwa ndi amene timawamva pa maukwati. Koma mayi wina wachikulire, amene nthawi zonse amakhala kumbuyo ndipo sindinamumvepo akulankhula pagulu, anatchula a Naomi, oti ndinachoka wodzala ndipo Yehova wandibweza wopanda kanthu. Ananena kawiri. Tonse tinkadziwa kuti anaika ana atatu m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene Edzi inkatha anthu mankhwala asanafike, ndipo adzukulu anawalera yekha ndi geni ya mtedza wokazinga.

Mayi wina anafuna kuthamangira ku mutu 4 kuti amukumbutse zoti Naomi anadzalandira mdzukulu. Amayi a mpando, omwe aja ankakayika, anakweza dzanja n'kumuletsa. Anati lero tili pa mutu 1, ndipo pa mutu 1 Naomi sakudziwa za mutu 4.

Si onse anasangalala. Potuluka ena anati misonkhano yotere idzatichedwetsa, poti ambiri amachokera kumsika ndipo amafunika kukaphika. Wina anati iye amabwera kudzamva uthenga wolimbikitsa, osati kudzakumbutsidwa maliro. Nkhawa zimenezi n'zomveka, ndipo tinakambirana kwa nthawi ndithu titaima panja pa tchalitchi. Tinagwirizana kuti tizichita zimenezi kamodzi pa mwezi, mavesi asapitirire khumi, ndipo wotsogolera azisunga nthawi. Mayi wachikulire uja anapempha kuti mwezi wotsatira tisadumphe, tiyambire pa mutu 2 pamene Rute akupita kukakunkha, ndipo anati adzabwera ndi mdzukulu wake wamkazi kuti adzawerenge ndi iyeyo.